Anasunga magazi zaka 20 kuti ayankhe funso limodzi, nanga ife tikusunga chiyani?

Mwana wa achemwali anga, amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Domasi, anadzuka tsiku lina ali ndi zaka 26 diso lake lakumanja likuona ngati m'chifunga cha pa phiri la Zomba m'nyengo yozizira, ndipo akalitembenuza linkapweteka. Patapita masabata asanu disolo linayambanso kuona, ndipo tonse pabanja tinathokoza Mulungu n'kuiwalako. Chaka ndi theka chitadutsa, mwendo wake wakumanzere unachita dzanzi kuyambira kuphazi mpaka m'chiuno, moti kuimirira pa bolodi kwa ola limodzi kunasanduka ntchito yaikulu. Kuchipatala anamuyeza malungo, shuga, BP ndi HIV, zonse zinapezeka zili bwino, ndipo anabwerera kunyumba ndi mapiritsi opha ululu. Ena kumudzi anati walodzedwa ndi anzake ansanje kuntchito, ena ankanong'onezana kuti ndi ulesi chabe, pakuti matenda obwera n'kuchoka okha anthu amene sakuwamva m'thupi savomereza kuti alipo. Panatenga zaka zinayi kuti dokotala wina wa matenda a ubongo ndi mitsempha, ataona zithunzi za makina a MRI, atchule dzina la chimene chinkamuzunza: multiple sclerosis, imene madokotala amangoitcha MS.

Mitsempha yonyamula mauthenga mu ubongo ndi mumsana ili ndi chokuta chake chotchedwa myelin, chimene chimagwira ntchito ngati pulasitiki yokuta waya wa magetsi. Mbewa zikatafuna pulasitikiyo kudenga, babu limayaka lero, mawa liphethira, mkuja lithima, ngakhale wayayo sanaduke. Mwa munthu wodwala MS, amene amatafuna chokutacho ndi asilikali a m'thupi lake lomwe, amene ntchito yawo inayenera kukhala yomuteteza. Pamalo pamene atafuna pamatsala zipsera zolimba, ndipo zizindikiro zimatsata malo amene chipseracho chili: diso kusaona, dzanzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira poyenda, kulephera kugwira mkodzo, kutopa kosaneneka. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndiye anafotokoza bwino matendawa ku Paris mu 1868. Chiwerengero cha mu 2020 chinaonetsa kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse ali ndi MS, amayi ndi ochuluka kuposa abambo kawiri kapena kupitirira, ndipo ambiri amawapeza nawo ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, msinkhu umene munthu amakhala akulera ana ndi kudyetsa makolo.

Chiyambireni kudwala kwa mwanayu ndakhala ndikuwerenga zimene ofufuza alemba pa za MS ndi mavairasi, ndipo ndafika pa mfundo imene ndikufuna kuitsutsira pano poyera. Mawu amene timawamva kawirikawiri, akuti awa ndi matenda a azungu ndipo kuno kulibe, sanachokere pa kafukufuku amene tinachita. Anachokera pa kusafufuza ndi kusasunga. Ndipo nkhani ya mmene kachilombo koyambitsa matendawa kanapezekera ikutisonyeza bwino lomwe chimene tikusowa, chimene si nzeru kapena makina okha, koma chizolowezi chosunga umboni kwa nthawi yaitali pofuna kuyankha funso limodzi.

Ganizo lakuti MS imayamba ndi kachilombo ndi lakale. Ku zilumba za Faroe, kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, katswiri wa ku America John Kurtzke anaona kuti odwala anayamba kupezeka kuchokera mu 1943, asilikali a ku Britain atakhazikika kumeneko m'nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo anaganiza kuti anabweretsa chinthu chopatsirana. Ku South Africa, dokotala Geoffrey Dean anapeza kuti azungu obadwira ku Ulaya ankadwala MS kuposa azungu obadwira konko, ndipo amene anasamuka asanakwanitse zaka 15 chiopsezo chawo chinkatsika n'kufanana ndi cha dziko limene anafikirako. Izi zinatanthauza kuti pali chinachake chimene chimachitikira munthu paubwana kapena paunyamata. Kwa zaka zambiri ofufuza analoza chala mavairasi osiyanasiyana, ka chikuku, ka katsabola, ka HHV-6, ngakhale ka matenda ena a agalu, ndipo mapepala ambirimbiri anasindikizidwa, koma umboni wake sunkakhalitsa ena akaubwereza.

Munthu amene anaumirira pa kachilombo kamodzi ndi Alberto Ascherio, dokotala wa ku Italy amene anagwirako ntchito ku Latin America ndi muno mu Africa asanakakhazikike pa sukulu ya zaumoyo ya yunivesite ya Harvard. Kachilombo kake ndi Epstein-Barr, kapena EBV, kamene kamafala kudzera m'malovu ndipo kakalowa m'thupi sikatulukanso, kamangobisala mu asilikali ena a m'thupi otchedwa maselo a B. Vuto limene anali nalo linali lalikulu: akuluakulu 95 mwa 100 alionse padziko ali nako kale kachilomboka. Kodi mungatsimikize bwanji kuti chinthu chimene pafupifupi aliyense ali nacho ndicho chimayambitsa matenda amene amagwira ochepa? Njira inali imodzi, kupeza achinyamata ochuluka amene alibe kachilomboka, kuwatsatira zaka zambiri, n'kuona ngati amene adzadwale MS amayamba atenga kachilomboka matenda asanabwere.

Apa ndi pamene kusunga kunagwira ntchito. Gulu lankhondo la America limayeza asilikali ake HIV polowa ntchito ndiponso pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo magazi otsala sawataya, amawasunga m'nkhokwe yozizira, kabotolo kalikonse kali ndi nambala ndi tsiku lake. Ascherio ndi anzake, kuphatikizapo Kjetil Bjornevik ndi Kassandra Munger, anatsatira asilikali oposa 10 miliyoni amene anagwira ntchito pakati pa 1993 ndi 2013. Mwa iwo, 955 anapezeka ndi MS ali pantchito, ndipo 801 anali ndi magazi osungidwa oyenera kuyezedwa. Mwa 801 amenewo, 35 analibe EBV pa magazi awo oyamba, ndipo 34 mwa 35 anatenga kachilomboka matenda asanayambe. Mmodzi yekha ndiye anadwala wopanda kachilomboka. Chiopsezo chodwala MS chinakwera ka 32 munthu akatenga EBV, pamene kachilombo kena kofalanso m'malovu, ka CMV, sikanakweze chiopsezo. Anayezanso chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti mitsempha ikuonongeka, n'kupeza kuti chinkakwera kachilomboka katalowa kale, osati kasanalowe. Zotsatirazi zinatuluka mu magazini ya Science mu January 2022. Mwezi womwewo ofufuza a ku Stanford anasindikiza mu magazini ya Nature kuti kachigawo kena ka kachilomboka, EBNA1, n'kofanana ndi kachigawo ka mu ubongo kotchedwa GlialCAM, moti mwa odwala ena asilikali a m'thupi amene aphunzira kumenya kachilombo amamenyanso ubongo poyesa kuti ndi mdani yemweyo.

Ndikufuna owerenga aone kutalika kwa ulendowu. Ascherio anasindikiza za EBV ndi MS mu 2000, mu 2001 anabweranso ndi zotsatira zochokera kwa anamwino a ku America amene akhala akutsatidwa kwa zaka zambiri, mu 2006 gulu lake linaonetsa kuti asilikali achizungu okhala ndi vitamini D wochuluka m'magazi sankadwala MS kwambiri, mu 2010 linabwereranso ku magazi a asilikali, ndipo yankho lomveka linafika mu 2022. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2025 iye ndi Stephen Hauser wa ku yunivesite ya California ku San Francisco analandira mphoto ya Breakthrough Prize chifukwa cha ntchito yawo pa MS. Koma chimene chinapindula mphotoyo si kuchuluka kwa mapepala. Ndi funso limodzi limene munthu anakana kulisiya kwa zaka zoposa 20, ndi makalaliki a m'nkhokwe amene sanataye kabotolo kapena kusokoneza nambala.

Ife okhala mu Zomba timaona aphunzitsi a ku yunivesite tsiku ndi tsiku akukwera ndi kutsika msewu wa ku Chirunga, ndipo ambiri ndi anthu akhama amene ndimawalemekeza. Koma dongosolo limene mayunivesite ambiri padziko amatsata pokweza anthu pa udindo limawerenga mapepala ngati mmene wogula amawerengera matumba a chimanga, ndipo ndalama za kafukufuku zochokera kunja zimabwera za zaka ziwiri kapena zitatu, zikatha ntchito imatsekedwa, mafunso amasintha kutsata amene wapereka ndalama zina. M'dongosolo lotere munthu wanzeru amaphunzira kudula kafukufuku mmodzi m'zidutswa zinayi kuti atulutse mapepala anayi, ndipo amene angati ndikufuna kutsatira ana 5,000 a m'boma lino mpaka atakula amaoneka ngati wosadziwa kudzisamalira. Ndikukhulupirira kuti uku ndi kulakwitsa kwakukulu, ndipo kumatipweteka ife kuposa maiko olemera, chifukwa iwo ali ndi nkhokwe zimene makolo awo anamanga kale pamene ife tiyenera kuzimanga tsopano.

Wina anena kuti zimenezi n'zosatheka ku Malawi. Zinatheka kale. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kafukufuku amene anayamba mu 1979 wofufuza za khate anatsatira anthu a m'bomalo nyumba ndi nyumba kwa zaka zambiri, ndipo mu 1996 anauza dziko lonse kuti kubwereza katemera wa BCG kumateteza ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo. Ku Blantyre, gulu la dokotala wa ku America Terrie Taylor, limene lakhala likufufuza malungo a mu ubongo kuyambira m'ma 1980, linabweretsa makina a MRI ku chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, ndipo mu 2015 linaonetsa kuti ana ambiri ofa ndi malungo otere amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kutsekereza malo olamulira kupuma. Zonsezi zinapezeka kuno, pa ana athu, chifukwa anthu anakhala pa funso limodzi osasuntha.

Ndiye pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandikhudza mtima kwambiri, yakuti kachilombo ka EBV kanadziwika kudzera mwa ana a ku Africa. Mu 1958 dokotala Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda, anafotokoza khansa yotupitsa nsagwada za ana imene lero imatchedwa ndi dzina lake. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda ulendo wautali pa galimoto, chipatala ndi chipatala, kudutsa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuphatikizapo Nyasaland, ndipo anapeza kuti khansayi inkachuluka kumalo otsika, otentha ndi achinyontho, kumene malungo ali ochuluka. Zidutswa za zotupa za ana a ku Uganda zinkatumizidwa pa ndege ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona kachilombo katsopano m'maselo amenewo. Kanali kachilombo koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Mpaka lero khansa ya Burkitt ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana a Malawi, ndipo makolo ochokera m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi m'chigwa cha Shire amaidziwa ndi maso awo. Choncho kachilombo kamene Harvard ikukatchula pa MS ndi komweko kamene kakutupitsa masaya a ana athu kakagwirizana ndi malungo. Tinganene bwanji kuti nkhani yake si yathu?

Kunena zoona, pali chinthu chimene otsutsa angaloze, ndipo n'choona: ngati pafupifupi mwana aliyense kuno amatenga EBV, bwanji MS sikudzaza zipatala zathu? Kachilomboka pakokha sikokwanira. Kuli ngati mbewu imene imafuna nthaka yake, ndipo nthakayo ndi chibadwa cha munthu, makamaka chotchedwa HLA-DRB1*15:01 chimene n'chofala mwa anthu a kumpoto kwa Ulaya, kuchepa kwa vitamini D mwa anthu osaona dzuwa lokwanira, kusuta fodya, ndi kunenepa kwambiri paunyamata. Nthawi yotengera kachilomboka nayonso ili ndi mbali yake. Ana athu amakatenga akadali aang'ono, ambiri asanayambe sukulu, podyera mbale imodzi, pomwera kapu imodzi ndi potafuniridwa chakudya, ndipo pa msinkhu umenewo sikadwalitsa moonekera. Kumaiko olemera ambiri amakatenga ali achinyamata, n'kudwala matenda otupitsa pakhosi otchedwa mononucleosis, ndipo amene adwala motero chiopsezo chawo cha MS chimakwera kuposa kawiri. Ndikuvomereza kuti MS ingakhale yocheperapo kuno kusiyana ndi ku Scotland kapena ku Canada.

Koma kuchepa si kusowa. Kwa nthawi yaitali ku America komweko ankaphunzitsa kuti anthu akuda sadwala MS kawirikawiri, mpaka kafukufuku wa ku California wa mu 2013 ataonetsa kuti amayi akuda ankapezeka nayo kuposa amayi achizungu. Chimene chinasintha ndi kuwerenga chiwerengero cha odwala. Kuno munthu wofooka miyendo amaganiziridwa sitiroko, TB ya msana, HIV kapena poliyo, ndipo n'zomveka chifukwa amenewo ndiwo ofala, koma zonsezo zikakanidwa palibe amene amafunsa funso lotsatira. Pali matenda enanso ofanana ndi MS, neuromyelitis optica, amene amagwira maso ndi msana ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda. Chizindikiro chake cha m'magazi chinapezeka mu 2004, ndipo kuwasiyanitsa ndi MS n'kofunika chifukwa mankhwala ena a MS amawonjezera matendawo. Komanso moyo wathu ukusintha. Mabanja a m'tauni akuchepa ana, mwana aliyense ali ndi kapu yake, achinyamata ambiri akukhala m'nyumba ndi m'makalasi tsiku lonse. Ngati nthawi yotengera kachilomboka ili ndi mphamvu monga umboni ukulozera, ndiye kuti ana a ku Matawale ndi ku Mulunguzi a lero sangakhale pa chiopsezo chofanana ndi cha agogo awo. Dziko ngati lathu, limene ana ake ena akutenga kachilomboka ali makanda ndipo ena akuyamba kuchedwa, lili pamalo abwino koposa oyankhira funso limeneli, koma lingaliyankhe pokhapokha ngati liyamba kusunga lero.

Ndikudziwa kuti mawu akuti kusunga magazi ndi olemera m'dera lino. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Mantha amenewo sitiyenera kuwaseka, chifukwa amamera pamene anthu amatengedwa magazi koma osauzidwa kumene akupita ndi chimene chinapezekamo. Yankho lake si kusiya kufufuza. Ndi kufotokozera anthu m'Chichewa ndi m'Chiyao chomveka, kupempha chilolezo chenicheni, kusunga magaziwo muno m'dziko pansi pa ulamuliro wa Amalawi, ndi kubwerera kwa mfumu ndi anthu ake kukawauza zotsatira. Anthu a m'boma lino si okana zatsopano. Katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero anayesedwa koyamba m'sukulu za Zomba ndi Rumphi mu 2013 asanafalikire dziko lonse mu 2019, ndipo makolo ambiri analola ana awo atafotokozeredwa. Ndipotu magazi timapereka kale. Anthu zikwi mazanamazana amene ali pa ma ARV amayezedwa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV nthawi ndi nthawi, monga mmene asilikali aja ankayezedwera, ndipo kusiyana kuli pa chimene chimachitika ndi chotsala.

Ena adzati dziko lolimbana ndi malungo, kolera ndi imfa za amayi pobereka silingataye ndalama pa matenda ogwira ochepa. Sindikupempha kuti tichotse ndalama za maneti n'kugulira makina. Ndikunena kuti nkhokwe imodzi ya magazi ndi kaundula mmodzi wa odwala matenda a ubongo ndi msana zimatumikira mafunso ambiri nthawi imodzi, monga mmene magazi otengedwera HIV anadzayankhira funso la MS patapita zaka. Pa mankhwalanso nkhani ndi yomweyo. Stephen Hauser anaonetsa mu 2008 kuti rituximab, mankhwala opangidwira khansa ya maselo a B, amachepetsa kwambiri zipsera zatsopano mu ubongo wa odwala MS, ndipo maselo a B ndi omwe aja EBV amabisalamo. Mu 2023 bungwe la WHO linaika rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri pothandiza MS. Koma mankhwala amagulidwa potsata chiwerengero cha odwala, ndipo wodwala amene sanalembedwe pena paliponse sagulidwira kanthu. Mankhwala otere amafunanso kusamala, chifukwa amafooketsa chitetezo ndipo angadzutse kachilombo ka hepatitis B kamene kanagona m'chiwindi, motero pafunika kuyeza wodwala asanayambe ndi kumutsatira pambuyo pake, zimene zikutibwezeranso ku nkhani ya zolemba. Mu 2022 kampani ya Moderna ndi bungwe la boma lofufuza za umoyo la NIH ku America anayamba kuyesa akatemera a EBV pa anthu. Katemera wotere akadzagwira ntchito, amene angapindule kwambiri ndi ana athu a zotupa m'nsagwada, ndipo tidzafunika kudziwa msinkhu umene ana a ku Jali, ku Thondwe ndi ku Chinamwali amatengera kachilomboka kuti tidziwe nthawi yowabayira.

Mzinda uno ndi umene umasunga chikumbumtima cha dziko. Nkhokwe ya zolemba zakale za boma ili kuno, likulu la ofesi yowerengera anthu lili kuno, yunivesite ili kuno, chipatala chachikulu chotumikira chigawo chakum'mawa chili kuno. Tikudziwa kusunga kalata ya bwanamkubwa ya zaka 100 zapitazo. Koma mbiri ya thupi la munthu wamoyo timaiika m'kabuku kakang'ono ka kuchipatala kamene wodwala amayenda nako m'thumba la chitenje, kamene kamanyowa ndi mvula, kamadyedwa ndi chiswe, kapena kamatsala mu minibasi. MS ndi matenda amene dokotala amawazindikira poona kuti mitsempha inaonongeka pamalo osiyana ndiponso pa nthawi zosiyana, choncho popanda mbiri yolembedwa ulendo uliwonse wa kuchipatala umayambira pachiyambi. Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo ndi a mayunivesite athu, kuphatikizapo yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS imene inaima payokha mu 2021, kuti ayambe ndi chaching'ono: wachinyamata aliyense amene diso lasiya kuona mwadzidzidzi kapena chiwalo chafooka popanda chifukwa chodziwika alembedwe m'kaundula mmodzi, magazi ake pang'ono asungidwe iye atavomera, ndipo mphunzitsi amene wasamalira kaundulayo zaka khumi akwezedwe pa udindo mofanana ndi amene walemba mapepala khumi.

Mwana wa achemwali anga akuphunzitsabe, masiku ena atakhala pampando, ndipo nyengo yotentha ya October imamufooketsa kuposa nyengo zina. Mabuku ake a kuchipatala tsopano amawasunga m'pepala la pulasitiki la shuga, atamanga ndi mphira. Alipo anayi. Tsiku lina akundionetsa anandiuza kuti, "Amalume, dokotala uja anandifunsa za loyamba, lija analembamo za diso, akuti likanakhalapo akanadziwa msanga." Loyambalo linanyowa denga litadontha m'dzinja la chaka chimene diso linachira, ndipo analitaya.